Meshack Asare ndi zithunzi zosanamiza mwana

M'chaka cha 1998, pa chionetsero cha mabuku cha ku Harare, Pulofesa Ali Mazrui anapereka ganizo loti pasankhidwe mabuku 100 opambana amene anthu a mu Africa analemba m'zaka za m'ma 1900. Ntchitoyo inatenga nthawi, ndipo mndandanda unatuluka mu 2002. Osankhawo anapatulaponso mabuku 12 n'kunena kuti awa ndiye akuluakulu a onse. Maina ake ndi omwe mukuwaganizirawo: Chinua Achebe, Wole Soyinka, Ngugi wa Thiong'o, Mariama Bâ, Naguib Mahfouz, Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, Mia Couto wa ku Mozambique. Pakati pa zimphona zimenezi panali kabuku ka ana, ka masamba owerengeka, kodzaza zithunzi, kotchedwa Sosu's Call. Amene anakalemba ndi a Meshack Asare a ku Ghana, ndipo zithunzi zake anajambula okha.

Alipo amene angaganize kuti kabukuka anangokaikapo kuti ana nawo asadandaule. Ine sindikuona choncho. A Asare anagwira ntchito imene olemba athu ambiri otchuka sanaiyese n'komwe, yomuonetsa mwana wa mu Africa dziko lake lomwe mmene lilili, popanda kumunamiza ndi zithunzi zongoganizira. Ndili nawo mangawa pa mathero a buku lotchukalo, ndipo tifikako, koma tiyambe ndi munthuyo.

Anabadwa pa 18 September 1945 ku Nyankumasi, kummwera kwa Ghana, nthawi imene dzikolo linkatchedwa Gold Coast. Anaphunzira zojambula pa sukulu ya zaluso ya ku yunivesite ya ku Kumasi, ndipo kuyambira 1967 mpaka 1979 anali mphunzitsi. Zaka za m'kalasizi n'zofunika kuzikumbukira. Mphunzitsi amene amaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku amadziwa pamene maso awo ayamba kuyang'ana kuwindo. Amadziwanso kuti mwana amayamba wawerenga chithunzi asanawerenge mawu, ndipo chithunzi chikanama, mwana amaona msanga kuposa wamkulu. Mabuku amene ana a ku Ghana ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo ambiri anali ochokera ku Britain kapena okonzedwa ndi makampani a kumeneko. Ngakhale pamene nkhani inali ya mwana wakuda, wojambula nthawi zambiri anali munthu amene sanakwerepo bwato la asodzi a ku Accra, sanaonepo mmene mayi amamangira nsalu pobereka mwana kumbuyo.

Boma la Kwame Nkrumah linali litakhazikitsa kampani yakeyake yosindikiza mabuku mu 1965, imene inadzatchedwa Ghana Publishing Corporation. Kumeneko n'kumene mabuku oyamba a Asare anatulukira. Lomwe linawadziwitsa kunja ndi Tawia Goes to Sea la mu 1970, nkhani ya kamnyamata ka m'mudzi wa asodzi kolakalaka kupita panyanja ndi akuluakulu. Nkhaniyo ndi yophweka. Mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Msaka, amene amakhala pamchenga kuonerera abambo ake akukankha bwato, angaimve popanda womufotokozera. Bukulo linalandira ulemu ku Ghana komanso ku bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, ndipo munthu akanaganiza kuti kuyambira pamenepo mabuku azingotuluka chaka ndi chaka.

M'malo mwake panadutsa zaka pafupifupi khumi dzina lawo lisakumveka. Ndi zaka zomwezo pamene chuma cha Ghana chinalowa pansi. Asilikali analanda boma mu 1972, analandanso mu 1979, kenako pa 31 December 1981. M'zaka zina, monga 1977, mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 100 peresenti pa chaka. Mapepala, inki ndi zipangizo za makina osindikizira zinkagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko linalibe. Zinthu zikafika pamenepo, buku la ana la zithunzi ndilo limayamba kufa, chifukwa ndilo lodula kusindikiza kuposa onse. Limafuna pepala lokhuthala kuti utoto usaonekere kuseri, limafuna makina osindikiza mitundu ingapo, ndipo wogula wake ndi kholo limene likuwerengera ndalama ya ufa. Ife a kuno kwathu, amene taona kwacha ikugwa ndipo mabuku m'mashopu akusanduka katundu wa anthu olemera, sitifunika kuuzidwa zambiri.

Mu 1981 anabwerera ndi buku limene ine ndimaliona ngati lozama kuposa onse, The Brassman's Secret. Kuti mulimvetse, muyenera kudziwa kaye za timiyala toyezera golide ta anthu a mtundu wa Asante a ku Ghana, ngakhale kunena zoona sitinali timiyala koma tizitsulo ta mkuwa. Kwa zaka mazana angapo, ndalama ya anthu amenewa inali fumbi la golide. Munthu popita kumsika ankatenga kasikelo kake, kasupuni kotungira fumbilo, ndi tizitsulo tolemera mosiyanasiyana. Wogula ankayeza ndi take, wogulitsa n'kuyezanso ndi take, mpaka agwirizane. Tizitsuloto sankangotiumba chiumbireumbire. Tina tinali ndi mizere ndi madontho, koma tambiri tinali tizifanizo ta anthu, nyama, mbalame, mipando ndi zida, ndipo kachifanizo kankatha kunyamula mwambi. Kodziwika kwambiri ndi ka ng'ona ziwiri zopingasana zokhala ndi mimba imodzi, koma zikulimbirana chakudya, mwambi wodzudzula abale okangana pa chuma chimene chikupita m'nyumba imodzi. Kena ndi ka mbalame yotembenuzira mutu kumbuyo, yokumbutsa kuti kubwerera kukatenga chimene waiwala si manyazi.

Kapangidwe kake n'kosangalatsa. Mmisiri amayamba ndi phula la njuchi, n'kuumba kachifanizo ndi zala. Amakapaka makala osinja osakaniza ndi dongo lamadzimadzi, kenako n'kukakuta ndi dongo lokhuthala, kusiya kanjira kamodzi kokha. Akaika pamoto, phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'kati mumatsala mphako yofanana ndendende ndi kachifanizo kaja. Mkuwa wosungunuka umalowa m'mphakomo. Ukazizira, mmisiri amaswa chikombolecho kuti atulutse ntchito yake, kotero chikombole chimodzi chimabala kanthu kamodzi basi. Palibe tiwiri tofanana.

Angerezi atalanda Kumasi, likulu la anthu a Asante, mu 1896 n'kuika dziko la Asante pansi pa ulamuliro wawo mu 1901, fumbi la golide linaleka kukhala ndalama. Tizitsulo tija tinatha ntchito. Tambiri tinagulidwa ndi azungu ndipo lero tili m'magalasi a nyumba zosungira zinthu zakale ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya. Mwana wa ku Kumasi wa mu 1981 akanatha kukula osadziwa kuti agogo a agogo ake ankanyamula miyambi m'thumba popita kumsika.

A Asare anatenga zimenezi n'kuzisandutsa nkhani ya Kwajo, mwana wa mmisiri wa mkuwa, amene amathandiza bambo ake pa ntchitoyi. Kamunthu kamkuwa koimba ng'oma kamakhala ndi moyo n'kumutengera kudziko lakale lodzaza golide, komwe kuti apite patsogolo ayenera kumasulira zizindikiro ndi miyambi. Chimene chimandikoka m'bukuli n'chakuti mwana amaphunzira luso lonse la mmisiri, ndi mbiri ya ndalama za makolo ake, osazindikira kuti akuphunzitsidwa. Iye akungofuna kudziwa ngati Kwajo apeze golideyo. Mlembi wina akanalemba mutu wakuti chikhalidwe chathu n'chofunika, n'kuika mafunso asanu kumapeto.

Bukuli linapata mphoto ya Noma mu 1982. Mphotoyi inakhazikitsidwa ndi Shoichi Noma, mkulu wa kampani yosindikiza mabuku ya Kodansha ku Japan, ndipo lamulo lake lalikulu linali lakuti buku likhale lolembedwa ndi munthu wa mu Africa ndi kusindikizidwa mu Africa momwemo. Woyamba kuilandira anali Mariama Bâ wa ku Senegal mu 1980. A Asare anali achitatu, ndipo lawo linali buku loyamba la ana kupambana, litapikisana ndi mabuku a akuluakulu a mitundu yonse.

Kenako anasamukira ku London, kumene anachita digiri yachiwiri pa sukulu ya SOAS ya yunivesite ya London, m'maphunziro a chikhalidwe cha mitundu ya anthu. Wojambula mabuku a ana kukaphunzira zimenezi, ena angaone ngati kutaya nthawi. Koma mukayang'ana mabuku awo mumaona chimene ankafuna. Ankafuna kuti akajambula mudzi wa anthu ena, aujambule moona, denga likhale la kumeneko, mtsuko ukhale wa kumeneko, ndiponso kakhalidwe ka munthu pansi kakhale ka kumeneko. Africa wa m'mabuku ambiri a ana osindikizidwa kunja ndi mmodzi yekha, wa mtengo wa mthethe, dzuwa lofiira likulowa, ndi nyamalikiti kumbuyo, kaya nkhani ikuchitikira ku Dakar kaya ku Dedza. A Asare anakana Africa ameneyo.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi Chipo and the Bird on the Hill, la mu 1984, losindikizidwa ku Harare. Nkhani yake imachitikira mumzinda wakale wamiyala wa Great Zimbabwe, kufupi ndi Masvingo, pa nthawi imene mzindawo unali wodzaza anthu. Ana awiri, Chipo ndi Dambudzo, amamva za mbalame yamwala ya paphiri n'kuganiza zokaiona okha. Mbalame zimenezi zilipodi, zisanu ndi zitatu zosemedwa pamwala wofewa, ndipo imodzi ndi imene ili pa mbendera ya Zimbabwe. Taganizirani nthawi imene bukuli linatuluka. Panali patangopita zaka 4 dzikolo litalandira ufulu mu 1980. Boma la azungu la Rhodesia linkakakamiza akatswiri kuti asanene poyera kuti makoma amenewo anamangidwa ndi anthu akuda, moti katswiri wina wofukula zakale, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa cha zimenezi. Ndiye kujambula ana achishona akuthamanga pakati pa makomawo, amayi akuphika, amisiri akugwira ntchito, kunali kuyankha bodza la zaka zambiri, ndipo yankholo analipereka kwa ana a sukulu. Ana a Amalawi amene makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anali m'makalasi omwewo.

Mu 1984 momwemo ku Vienna, likulu la Austria, kunatuluka m'Chijeremani nthano yawo ya mphaka wofunafuna bwenzi lamphamvu lomuteteza, amene amasiya nyama ina n'kutsata ina yoposa mphamvu mpaka kukafika kwa munthu. Bukulo linalandira mphoto ya dziko la Austria mu 1985. Ndi buku lokoma, koma nthano zotere tili nazo zambiri, ndipo si pamene pali mphamvu yawo yeniyeni.

Tsopano Sosu. Bukuli linatuluka mu 1997 ku Accra. Sosu ndi mnyamata wosatha kuyenda, wokhala m'mudzi umene uli pakamtunda kopapatiza, mbali ina nyanja yamchere, mbali ina dziwe lalikulu. Midzi yotere ilipo yambiri kugombe la kummawa kwa Ghana, ndipo nyanja imaidyadi. Abale ake amapita kusukulu, iye amatsala pakhomo ndi galu wake Fusa. Makolo ake amamukonda. Bambo ake amayesa kumutenga pabwato, koma anthu ena a m'mudzimo amawauza kuti mwana wotere abweretsa tsoka, asamamutulutse. Usiku wina atamva ng'oma n'kukwawira kubwalo, mtsikana wina amakuwa poganiza kuti waona mzukwa. Tsiku lina akuluakulu onse amphamvu ali kuminda ndi kokasodza, namondwe amayamba, nyanja n'kulowa m'mudzi momwe mwatsala nkhalamba ndi tiana. Sosu amakuwa koma mphepo imameza mawu ake. Ndiye amakwawa m'madzi, galu akumutsogolera, mpaka kukafika pamene pamasungidwa ng'oma za mfumu, n'kuyamba kuimba. Anthu amamva, amathamangira kumudzi, napulumutsa otsalawo.

Zithunzi zake ndi za utoto wosungunula ndi madzi, zamitundu yofatsa, yadothi, yotuwa. Apa m'pamene pamaonekera phindu lakuti wolemba ndi wojambula akhale munthu mmodzi. Kawirikawiri wosindikiza amalandira nkhani kwa mlembi, n'kuipereka kwa wojambula amene mwina sanakumanepo naye, ndipo wojambulayo amangobwereza ndi burashi zimene mawu anena kale. Mawu akati mwana analira, chithunzi chimaonetsa misozi. Munthu akagwira zonse ziwiri yekha, amatha kugawa ntchito. Zina amazisiya kuti chithunzi chinene, mawu n'kukhala chete. Sosu amaona dziko ali pansi, ndipo wowerenga amayamba kuzindikira kutalika kwa anthu oimirira, kutalika kwa mtunda umene ena amaudutsa osauganizira. Mwana amene sanadziwe kuwerenga amatha kuitsata nkhani yonse ndi chala.

Mangawa anga ndi awa. Kumapeto atolankhani amabwera, Sosu amatchuka, amalandira njinga ya anthu aulumali, ndipo amayamba sukulu. Wowerenga amasangalala, inenso ndimasangalala. Koma funso limatsala: nanga namondwe akanapanda kubwera? Mwana ameneyu anayenera kupulumutsa mudzi wonse kuti apatsidwe chimene abale ake anangochipeza pobadwa. Mwana waulumali amene akuwerenga bukuli ku Nsanje, yemwe sadzaimba ng'oma yopulumutsa aliyense, angatengepo phunziro lakuti ulemu umagulidwa ndi chamuna chodabwitsa. Ku Malawi tinakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mfundo yake inali yakuti sukulu ndi ufulu wa mwana, osati mphoto. Ndiponso amene anaona madzi osefukira a mu January 2015 ku Chigwa cha Shire, kapena namondwe wa Freddy mu March 2023, akudziwa kuti tsiku lotere munthu wosatha kuyenda kawirikawiri ndi amene amatsalira m'mbuyo.

Komabe ndikaliwerenganso ndimaona kuti a Asare sanagwere m'dzenjelo kotheratu. Gawo lalikulu la bukuli si la namondwe ayi. Ndi la masiku wamba, Sosu akuphunzira kuwerenga kuchokera kwa abale ake, akuthandiza ntchito zapakhomo, akukwiya, akudzifunsa kuti iye ndi wa ntchito yanji. Mnyamatayo anali wanzeru ndi waphindu madzi asanabwere. Amene anasintha ndi anthu a m'mudzi, osati iye. Ndipo vuto lake lenileni bukuli limaliika pamene liyenera kukhala, m'mitu ya anthu okhulupirira kuti ulumali ndi tsoka. Kunena zimenezi kwa ana a mu Africa mu 1997, popanda kunyoza mudziwo kapena kuusandutsa wa anthu oipa, sikunali kophweka. Bungwe la UNESCO linalipatsa mphoto yoyamba mu 1999 pa mabuku a ana olimbikitsa kulolerana.

Pali munthu wina amene sayenera kuiwalika pankhaniyi, mayi Akoss Ofori-Mensah, amene anayambitsa kampani ya Sub-Saharan Publishers ku Accra mu 1992. Iwo ndi amene anasindikiza Sosu, anatulutsanso nkhani ya Kwajo m'kope latsopano, ndi mabuku ena otsatira monga Meliga's Day, la mnyamata woweta ng'ombe kumpoto kwa Ghana, ndi Noma's Sand, la ku Lesotho. Wojambula waluso popanda wosindikiza wolimba mtima amathera pa makalendala ndi zikwangwani za mashopu. Mayiwa ankanyamula mabuku kupita nawo ku zionetsero za kunja n'kumagulitsa chilolezo chowamasulira, zimene zinachititsa kuti Sosu awerengedwe ku America, m'Chifalansa, ndiponso m'Chipwitikizi ku Brazil. Kawirikawiri malonda amenewa amayenda mbali imodzi, ife kugula kwa iwo. Apa kampani yaing'ono ya ku Accra ndi imene inkagulitsa.

Chinthu chimodzi chimene chimandikhumudwitsa pang'ono n'chakuti a Asare amalemba m'Chingerezi. Ndikumvetsa chifukwa chake. Ghana ili ndi zilankhulo zambiri, ndipo buku la zithunzi zamitundu limafuna kusindikizidwa lambiri kuti mtengo wa limodzi utsike. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa m'mudzi ngati wa Sosu sanafike pomva Chingerezi chotero. Ubwino wa mabuku a zithunzi ndi wakuti kumasulira kwake n'kotchipa kuyerekeza ndi kupanga latsopano, chifukwa zithunzi, zomwe ndi zodula, zilipo kale, ndipo chimasintha ndi inki yakuda ya mawu basi. Wosindikiza wa ku Blantyre kapena ku Lusaka atafuna, nkhani ya Tawia kapena ya Sosu ingakhale m'Chichewa popanda kujambulanso tsamba ndi limodzi lomwe. Ndi bwato lokha limene mwana wa kunyanja kwathu angaone kuti ndi losemedwa mosiyana ndi la kwawo, ndipo zimenezo n'zabwino, adziwe kuti asodzi a kwina amasema mwina.

Mu 2015 a Asare analandira mphoto ya NSK Neustadt ya mabuku a ana, imene imaperekedwa ku yunivesite ya Oklahoma ku America kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira, ali ndi zaka 70, patapita zaka 45 chitulukire buku la Tawia. Pa nthawiyo n'kuti akukhala ku Germany. Mphoto ya Noma, imene inawakweza mu 1982, inali itasiya kale kuperekedwa mu 2009, banja la a Noma litasiya kuithandiza ndi ndalama.